Zodulidwa M'mphepete mwa Pepala Zimadya Ndalama Zingati? Mafunso ndi Mayankho

M'mafakitale opanga mapepala muli mkangano wosatha pakati pa oyendetsa makina ndi owerengera ndalama. Nkhani yake ndi timizere ta pepala labwinobwino tomwe timadulidwa m'mphepete pogawa mpukutu waukulu kukhala mipukutu yomwe ogula aitanitsa, timene a ntchitoyi amatitcha trim. Oyendetsa makina amati palibe chatayika, poti timizereto timabwerera m'phala n'kupangidwanso pepala. Owerengera ndalama amati tani iliyonse yodulidwa ndi tani yomwe ikanagulitsidwa. Onsewa akunena zoona pang'ono, koma nambala zomwe amatulutsa n'zolakwika. Mfundo yomwe ndaimapo ndi imodzi: mtengo wa zodulidwa ndi ndalama zokhazo zomwe zikanasintha m'thumba la fakitale zodulidwazo zikanapanda kukhalapo. Kuchuluka kwa ndalamazo kumadalira pamene pepala ladulidwira, kumene zodulidwazo zikupita, ndi mmene msika ulili.

Kodi zodulidwazi zimachokera pati?

Makina opangira pepala amatulutsa chipepala chimodzi chotambalala, chosadukiza usana ndi usiku. Luso limeneli linayamba ndi Louis-Nicolas Robert, yemwe analandira chiphaso cha umwini wa makina ake ku France mu 1799, ndipo makina oyamba ogwiradi ntchito anaimikidwa ku Frogmore, ku England, mu 1803 ndi ndalama za abale awiri a banja la Fourdrinier. Makina akuluakulu a masiku ano amafika mamita 10 mulifupi. Pepalalo limakulungidwa pa chitsulo mpaka kukhala chimpukutu cholemera matani makumimakumi, choti palibe wogula angachilowetse m'makina ake. Choncho amapita nacho pa makina ena otchedwa winder, pomwe mipeni yozungulira imaching'amba mulitali pamene chikufunyululidwa n'kukulungidwanso m'mipukutu ing'onoing'ono. Apa ndi pamene pamatuluka zodulidwa za mitundu iwiri, ndipo wowerengera ayenera kuzisiyanitsa kuyambira pachiyambi. Mtundu woyamba ndi mphepete zenizeni za chipepalacho: zimauma msanga, zimafota kuposa pakati, siziwongoka bwino, kotero masentimita ochepa mbali iliyonse ayenera kuchoka ndithu. Mtundu wachiwiri umabadwa ndi masamu. Tinene kuti mphepete zoipazo zitachotsedwa patsala mamilimita 6,000, ndipo wogula akufuna mipukutu ya mamilimita 1,400. Inayi ikwana 5,600, wachisanu sulowa, ndipo mamilimita 400 a pepala lopanda chilema atsala opanda mwini. Mtundu woyamba ungachepetsedwe pang'ono pokonza makina. Wachiwiriwu umadalira zisankho za anthu okonza ndondomeko ya maoda, ndipo n'chifukwa chake umafunika kuikidwa mtengo wolondola.

Kamzere kopyapyala chonchi, n'koti munthu n'kuda nako nkhawa?

Diso limanyenga pa nkhaniyi chifukwa limaona mulifupi, pomwe ndalama zimatayikira mulitali. Kulemera kwa zodulidwa kumapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: mulifupi mwa kamzereko, kutalika kwa pepala lomwe ladutsa, ndi kulemera kwa pepalalo pa sikweya mita imodzi. Titenge kamzere ka mamilimita 100 pa pepala la magalamu 80, lija timalembapo m'maofesi, pa makina othamanga mamita 1,200 pa mphindi. Pa mphindi imodzi kamzereko kakwana masikweya mita 120, omwe ndi makilogalamu 9.6. Pa ola ndi makilogalamu 576, ndipo pa tsiku lathunthu ndi matani pafupifupi 13.8. Tsamba limodzi la A4 la magalamu 80 limalemera magalamu 5, choncho rimu ya masamba 500 ndi makilogalamu 2.5. Kamzere kaja, komwe munthu angakaphimbe ndi chikhatho, ndi marimu oposa 5,500 tsiku lililonse. Aliyense woima pafupi ndi winder amakaona kakuuluka kuchoka pa mpeni n'kumezedwa ndi paipi yoyamwa mpweya, osatsika pansi ngakhale pang'ono, kotero palibe mulu wooneka woti n'kudzidzimutsa munthu. Kuwerengera pogwiritsa ntchito mulifupi kuli ndi ubwino wina: sikulira sikelo. Zodulidwa zambiri zimapita molunjika ku thanki yosungunulira zisanapimidwe, koma mulifupi mwa chimpukutu ndi mwa mipukutu yodulidwamo zimalembedwa pa oda iliyonse. Kusiyana kwake, kugawidwa ndi mulifupi mwonse, ndiko peresenti ya zodulidwa, ndipo peresentiyo ikachulukitsidwa ndi matani opangidwa imapereka matani otayika. Mpaka apa palibe chokanganirana. Mkangano umayamba pofuna kusandutsa mataniwo kukhala ndalama.

Poti zodulidwazo zimasungunulidwanso, chatayika n'chiyani?

Ulusi wa mtengo umabwereradi, ndipo pamenepa oyendetsa makina sakunama. Chomwe sichibwerera ndi zonse zomwe zinawonongedwa posandutsa ulusiwo kukhala pepala louma. Phala likamathiridwa pa sefa yoyenda ya makina, pafupifupi 99 pa 100 amakhala madzi. Ambiri amadontha pa sefapo, ena amafinyidwa pakati pa zitsulo zopsinja mpaka pepala litauma kufika 40 kapena 50 pa 100, koma otsalawo safinyika, amachoka ndi moto basi, pamene pepala likudutsa pa migolo yachitsulo yotenthetsedwa ndi nthunzi. Masamu ake ndi osavuta. Tani ya pepala lomalizidwa lokhala ndi chinyezi cha 6 pa 100 ili ndi makilogalamu 940 a zouma. Ngati inalowa ku migoloyo itauma 45 pa 100, inkalemera makilogalamu pafupifupi 2,090. Ndiye kuti madzi oposa tani imodzi anaphweretsedwa kuti tani imodzi ya pepala ipezeke, ndipo gawo loumitsirali ndi lomwe limadya mphamvu zambiri kuposa ena onse pa makinawo. Kudula pepala louma n'kuliponya m'madzi n'kutaya nthunzi yonseyo, pamodzi ndi magetsi, sitachi, utoto ndi mankhwala ena, kenako n'kulipiranso magetsi oyamwira ndi osungunulira. Woumba njerwa amadziwa kuti njerwa yaiwisi ikasweka dothi limabwerera m'nkhuti, koma thukuta ndi tsiku sizibwerera. Ndiponso ulusi womwe waumapo kale sukhala monga unalili: umalimba, sumwa madzi bwino, ndipo sugwirana mwamphamvu ndi unzake, motero fakitale singathire zobwezedwazi m'phala mopanda malire. Pa mapepala osalala a magazini, opakidwa dongo loyera la kaolin kapena calcium carbonate zomatidwa ndi latex, zobwezedwazo zimabweretsa zomatamata zomwe zimadetsa makina n'kuboola pepala. Mapepala opangidwa kuti asasungunuke akanyowa, monga a malebulo a mabotolo, amafuna kutenthetsa ndi mankhwala kuti asungunuke. Wonena kuti zodulidwa n'zaulere wawerenga ulusi wokha.

Ndiye bwanji osangowerengera pa mtengo wogulitsira pepalalo?

Chifukwa kutero n'kuiwala ulusi womwe wabwerera uja, pomwe ulusi ndi umene kawirikawiri umadya ndalama zambiri pa zonse zolowa m'pepala. Tiyerekeze ndi nambala zongopeka kuti njira yake ioneke. Makina akupanga matani 250,000 pa chaka, ndipo 2 pa 100 akudulidwa, kutanthauza matani 5,000. Pepala likugulitsidwa madola 900 pa tani. Ulusi ndi zina zobwezeka zili ndi mtengo wa madola 500 pa tani, nthunzi ndi magetsi ndi mankhwala osabwezeka ndi madola 150, kusungunulanso ndi madola 30, ndipo kukulunga ndi kutumiza kwa wogula ndi madola 70. Wowerengera pa mtengo wogulitsira apeza madola 4.5 miliyoni. Koma tani iliyonse yobwerera m'phala yachepetsa ulusi watsopano wofunika kugulidwa ndi madola 500, ndipo sinakulungidwe kapena kukwezedwa pa galimoto. Kuika madola 900 ngati otayika kuli ngati kunena kuti zodulidwazo zinatenthedwa. Wina angati kukokomeza nambala kulibe vuto, poti kumadzutsa anthu kuti asamale. Ine ndikuona kuti vuto lilipo ndipo n'lalikulu. Nambala imeneyi ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito posankha ngati fakitale igule pulogalamu ya kompyuta yokonzera kadulidwe, ngati ikane oda ya milingo yovuta, kapena ngati imuchotsere mtengo kasitomala wovomera kusintha mulingo wake. Nambala ikakhala yokwera kawiri kapena kasanu kuposa yeniyeni, fakitale imakana maoda omwe akanaipindulira, ndipo imawononga ndalama pa zinthu zomwe sizidzabweza zomwe zinalonjeza. Phindu lolonjezedwalo likapanda kuoneka m'mabuku kumapeto kwa chaka, akuluakulu amasiya kukhulupirira nambala iliyonse yonena za zodulidwa, ngakhale yoona.

Nanga nambala yoona ndi iti?

Zilipo ziwiri, ndipo msika ndi umene umasankha. Ngati maoda ndi ochepa moti makina amakhala ndi nthawi yongokhala, zodulidwa sizichepetsa pepala logulitsidwa. Fakitale imangoyendetsa makina maola owonjezera kuti ikwaniritse maodawo. Chotayika ndi madola 150 a nthunzi, magetsi ndi mankhwala, kuphatikiza madola 30 osungunulira, kutanthauza madola 180 pa tani, kapena madola 900,000 pa chaka. Koma ngati ogula akudikira pamzere ndipo makina akuyenda kale maola onse, tani yodulidwa singapangidwenso chifukwa nthawi palibe. Pamenepo fakitale yataya madola 900 a malonda, yapulumutsa 500 a ulusi ndi 70 a kukulunga ndi kutumiza, ndipo yalipira 30 osungunulira. Zotsala ndi madola 360 pa tani, kapena madola 1.8 miliyoni pa chaka. Kamzere komweko, pa makina omwewo, mtengo wake wawirikiza chifukwa msika wasintha. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amapunthwa nazo apa. Choyamba ndi kuwonjezera malipiro a antchito, inshuwalansi ndi ngongole ya makina pa mtengo wa zodulidwa. Ndalama zimenezi zimalipidwa mofanana kaya zodulidwa zichuluke kaya zichepe, choncho pa funso lathu zilibe malo. Chachiwiri ndi kuganiza kuti kuchepetsa mulifupi pepala likadali lonyowa kwathetsa vuto. N'zoona kuti timipopi ta madzi tothamanga kwambiri tingadule mphepete kumapeto kwa sefa, pepala lisanafike poumitsira, ndipo zodulidwa zonyowazo zimabwerera m'phala zisanadye nthunzi. Pa msika wozizira, wa maoda ochepa, imeneyi ndi njira yabwino, chifukwa imapulumutsa gawo lalikulu la madola 150 aja. Pa msika wotentha, wa maoda ochuluka, makina a mamita 6 akupangabe pepala la mamita 5.6, ndipo malonda otayika ali pomwepo ngakhale pa winder sipakuoneka kanthu.

Kodi makompyuta sanathetse kale vuto limeneli?

Anathetsa gawo la masamu, lomwe ndi lovutadi. Leonid Kantorovich wa ku Leningrad analemba za kadulidwe kochepetsa zotayika mu 1939, m'ntchito yomwe inathandiza kuti adzalandire mphotho ya Nobel pa zachuma mu 1975. Mu 1961 ndi 1963 Paul Gilmore ndi Ralph Gomory a ku IBM anaonetsa njira yopezera kadulidwe kabwino popanda kuyesa njira zonse, zomwe zimafika mamiliyoni maoda akachuluka, ndipo mapulogalamu ambiri a m'mafakitale a mapepala aima pa maziko amenewo. Koma kompyuta imachepetsa chomwe yauzidwa kuchepetsa, ndipo ikauzidwa kuchepetsa mamilimita okha ingakwezere fakitale ndalama zina. Tibwerere ku mamilimita 6,000 aja. Tinene kuti pabwera oda ina ya mipukutu ya mamilimita 1,150. Isanu yokhayokha ikwana 5,750 n'kutsala 250. Koma umodzi wa 1,400 pamodzi ndi inayi ya 1,150 zikwana 6,000 ndendende, popanda chotsala. Wokonza ndondomeko aliyense angasangalale nako kadulidwe kameneka. Vuto n'lakuti ngati makasitomala awiriwo akufuna mipukutu yofanana chiwerengero, kadulidweka katulutsa ya 1,150 yochuluka kanayi kuposa inayo. Yoonjezerayo ikagona m'nyumba yosungiramo katundu, itsekera ndalama, iphwanyika m'mbali poinyamula, ndipo mwina idzagulitsidwa motchipa kapena kusungunulidwa patapita miyezi. Lipoti la mweziwo lidzaonetsa zodulidwa zochepa, koma kutayako kwangosamukira m'buku lina. Palinso mtengo wosintha mipeni, chifukwa kadulidwe katsopano kalikonse kamaimitsa winder, ndipo winder ikatsalira m'mbuyo makina aakulu amakakamizika kuchepetsa liwiro. Palinso mtengo wochedwetsa oda podikira ina yoti igwirizane nayo. Zonsezi zimayesedwa m'ndalama, ndipo zodulidwa sizingafanizidwe nazo pokhapokha nazonso zitaikidwa m'ndalama. Nthawi zina kadulidwe kotaya 2 pa 100 n'kotchipa kuposa kotaya theka la peresenti, ndipo yekhayo wodziwa mtengo weniweni wa tani yodulidwa ndi amene angadziwe kuti nthawi imeneyo ndi iti.

Si zovuta mopitirira muyeso? Bwanji osangogwirizana pa nambala imodzi ya chaka chonse?

Funsoli lili ndi mphamvu, chifukwa wokonza ndondomeko amene ali ndi maoda makumi asanu patebulo sangamawerengere mtengo wa nthunzi pa oda iliyonse. Nambala yosavuta yomwe anthu amaigwiritsadi ntchito imaposa nambala yolondola yomwe palibe akuimvetsa. Komabe kuphweka kuli ndi malire ake. Nambala imodzi ya pakatikati imakhala yokwera kwambiri pa miyezi yomwe maoda ndi ochepa ndiponso yotsika kwambiri pa miyezi yomwe ndi ochuluka, ndiye kuti imasocheretsa chaka chonse, kamodzi mbali iyi kenako mbali inayo. Chofunika ndi katebulo kakang'ono: mtundu uliwonse wa pepala ukhale ndi nambala ziwiri, ya msika wozizira ndi ya msika wotentha, ndipo a zamalonda azinena mwezi uliwonse kuti ikugwira ntchito ndi iti. Nambalazo ziunikidwenso mtengo wa ulusi, malasha kapena magetsi ukasintha kwambiri. Katebuloko kakhalenso ndi mzere wa njira ina, yogulitsa chotsala chotambalalako ngati kampukutu kotchipa kwa opanga zinthu zing'onozing'ono. Ngati mtengo wa kampukutuko, titachotsa kukulunga ndi kutumiza, uposa phindu la ulusi wake m'phala, kugulitsa ndiko kwanzeru.

Kodi masamuwa akukhudza bwanji osindikiza mabuku ndi opanga makope kuno kwathu?

Akuwakhudza kwambiri kuposa mmene amakhudzira fakitale yopanga pepalalo. Mapepala ambiri olembapo ndi osindikizira ku Malawi amachokera kunja, ndipo ambiri timadziwa marimu a Rotatrim, opangidwa ndi Mondi ku Merebank mumzinda wa Durban, ndi a Typek a kampani ya Sappi. Wosindikiza wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe alibe thanki yosungunulira. Kwa iye madola 500 a ulusi aja sabwerera. Chomwe wadula anachigula pa mtengo wonse ndi ndalama zakunja zosowa, anachilipirira mayendedwe kuchokera ku doko kapena ku fakitale ya kutali, ndipo akachigulitsa kwa otolera mapepala akale amalandira kachigawo kochepa chabe. Kwa iye, mtengo wa zodulidwa ndi mtengo wa pepala litafika pakhomo pake, kuchotsa zomwe wotolerayo wapereka, ndipo apa owerengera ndalama aja ayandikira kwambiri choonadi. Kukula kwa zotayikazo nakonso sikochepa. Pepala la SRA3, lomwe osindikiza amagwiritsa ntchito kuti utoto ufike kumapeto kwa tsamba, ndi mamilimita 320 kwa 450, ndipo likadulidwa kukhala A3 limatsala 297 kwa 420. Kusiyana kwake ndi kopitirira 13 pa 100. Gawo limenelo ndi lofunika pa ntchito za zithunzi zodzaza tsamba, koma pa fomu wamba yokhala ndi malire oyera n'kutaya chabe. Milingo ya A, yomwe inakhazikitsidwa ku Germany mu 1922 n'kudzakhala muyezo wa ISO 216, inakonzedwa kuti tsamba lililonse likapindidwa pakati lizipereka mulingo wotsatira popanda chotsala. Sukulu, mpingo kapena bungwe loitanitsa kabuku ka mulingo wachilendo likulipira pepala lomwe silidzawerengedwa ndi munthu, ndipo mamilimita ochepa osinthidwa pa mulingo wa kabukuko angachititse kuti pa pepala lalikulu pakwane masamba ambiri.

Wofuna kuyamba kuwerengera ayambire pati?

Ayambe ndi matani, asanakhudze ndalama. Asiyanitse mphepete zosapeweka ndi zotsala za kadulidwe, ndipo zonsezi azipatule ku pepala lotayika chifukwa choduka pa makina kapena chosakwanira muyezo, popeza mankhwala a mavuto amenewa ndi osiyana. Kenako, pa tani iliyonse, afunse mafunso atatu: inadulidwa yonyowa kapena youma, inapita m'phala kapena inagulitsidwa kapena inatayidwa, ndipo pa nthawiyo makina anali ndi mpata wopanga ina kapena ayi. Pa ndalama iliyonse yomwe akufuna kuphatikiza, adzifunse ngati ikanasintha zodulidwazo zikanapanda kukhalapo. Ikakhala yosasintha, aisiye. Pomaliza awonjezere mipukutu yopangidwa mopitirira oda, chifukwa ndi mmene zodulidwa zimabisalira. Nambala yotulukayo iperekedwe kwa anthu awiri omwe zisankho zawo zimabala zodulidwazo: wokonza ndondomeko ya kadulidwe, ndi wogulitsa yemwe amalandira maoda. Wogulitsa wodziwa kuti mulingo wa 1,400 umadyera fakitale madola angati pa tani angapemphe kasitomala kuti aone ngati makina ake angalandire 1,500, womwe umalowa kanayi mu 6,000 popanda chotsala, n'kugawana naye phindulo pa mtengo. Kukambirana koteroko sikungachitike ngati wogulitsa wauzidwa kuti zodulidwa n'zaulere, chifukwa saona chokambirana, ndiponso sikungathe bwino ngati wauzidwa madola 900, chifukwa adzachotsera kasitomala ndalama zoposa zomwe fakitale ipulumutse. Mitengo yomwe inadulidwa kunkhalango, malasha omwe anapsa mu boyila, ndi ndalama zakunja zomwe dziko losauka lalipira pa rimu iliyonse, n'zofunika moti nambala yake iyenera kukhala yoona.